Waphonya Ndani, Ndodo Kapena Dzanja?

Masewera a pool afika paliponse m'dziko muno. Matebulo ake tikuwaona m'matauni, m'misika ya kumidzi, ngakhalenso m'zipinda zochezera za ophunzira m'makoleji. Ndipo paliponse pamene pali tebulo sipalephera mkangano umodzi: munthu akaphonya mpira wapafupi amayang'anitsitsa ndodo, n'kupukusa mutu, amvekere ndi yokhota. Anzake amamuseka kuti akunamizira mtengo wosalakwa. Ena mwa ife tafika poganiza zodula ndalama ya sopo ndi ya fotokope kuti tigule ndodo yathuyathu, pokhulupirira kuti ikatero mipira iziyenda yokha kupita m'dzenje. Tisanatulutse ndalamayo, ndi bwino timvetse kaye chimene ndodo imachita ndi chimene singachite.

Ndodo ili nayo mbali yake pa kulunjika kwa wosewera, ndipo mbaliyo akatswiri anaiyeza. Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi zonse zimene ndodo imachita pa mpira zimachokera kutsogolo kwake, kachigawo kotalika ngati chikhatho ndi zala zake. Zokongoletsa za kumbuyo, zimene nthawi zambiri ndizo zimakweza mtengo m'sitolo, sizikhudza mpira ngakhale pang'ono.

Kulakwitsa pang'ono kumakula

Tiyambe ndi masamu apafupi. Mpira woyera ukapatuka ndi digiri imodzi yokha pa mzere umene tinaulozetsa, ukayenda mita imodzi umakhala utachoka pamzerewo ndi mamilimita pafupifupi 17. Digiri imodzi ndi yaing'ono kwambiri moti diso silingaione pa ndodo, koma mamilimita 17 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa mpira.

Vuto limakulirakulira mipira iwiri ikakumana. Poti yonse ndi yobulungira, malo amene yagundirana ndiwo amalamula kumene wachiwiriwo upite. Pa mipira ya mamilimita pafupifupi 50, woyera ukafika utasuntha ndi mamilimita awiri okha kuchoka pamene timafuna, mpira wogundidwawo umapatuka ndi madigiri oposa awiri. Ngati dzenje lili pa mtunda wa mita imodzi, mpirawo ukafika utaphonya pakati pa dzenje ndi masentimita anayi. N'chifukwa chake mpira umene timauona ngati wamwa kale umangomenya kukamwa kwa dzenje n'kubwerera. Mu pool, mamilimita awiri ndi ambiri. Chilichonse pa ndodo chimene chingasunthe mpira woyera ndi kamtunda kotere n'choyenera kuchidziwa.

Kachikopa ka kunsonga

Ndodo yonse, kutalika konseko, imakhudza mpira pamalo amodzi okha: kachikopa ka kunsonga. Kale kachikopaka kunalibe. Ku Ulaya, masewerawa atangoyamba, anthu ankakankha mipira ndi ndodo ya mutu waukulu yotchedwa mace. Mpira ukatsamira m'mphepete mwa tebulo, mutuwo sunkakwana, choncho osewera ankatembenuza ndodo n'kumenya ndi mchira wake. Mchira pa Chifalansa ndi queue, ndipo dzina loti cue linachokera pamenepo. Koma mtengo wopanda kanthu kunsonga unkaterereka pa mpira, motero wosewera ankayenera kumenya pakati penipeni nthawi zonse.

Amene amatchulidwa kuti anasintha zimenezi ndi François Mingaud, msilikali wa ku France amene anakhala m'ndende ku Paris kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Iye anamata kachikopa kobulungira kunsonga ya ndodo, ndipo kuyambira pamenepo zinatheka kumenya mpira m'munsi kuti ubwerere m'mbuyo, kapena m'mbali kuti uzungulire. Kenaka kunabwera choko chothandiza kuti chikopa chigwire mpira. Choko chimene timagwiritsa ntchito lero, cha buluu kapena chobiriwira chija, chinachokera pa nzeru za William Spinks ndi William Hoskins a ku America, amene analembetsa luso lawo m'chaka cha 1897. Chimasiyana ndi choko cha m'kalasi: muli timchenga tolimba tosalala pang'ono timene timaluma mpira. Choko cha pabolodi sichingagwire ntchito imeneyi bwino, chimangodetsa nsalu ya tebulo.

Zithunzi za makamera othamanga kwambiri zinaonetsa kuti nsonga ndi mpira zimakhudzana kwa kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kanthawi kameneka dzanja silingakonze chilichonse. Mpira umanyamuka ndi zimene nsonga yaupatsa basi. Ngati chikopa chauma n'kuyamba kunyezimira ngati galasi, choko sichikhalapo, ndipo nsonga imaterereka ndi kaphokoso kaja timakadziwa tonse. Ngati chikopa chaphwatalala n'kutuluka m'mbali ngati bowa, wosewera amaganiza kuti wamenya pena pomwe chimene chakhudza mpira ndi m'mphepete mwa chikopacho. Nsonga yabwino imakhala yobulungira pang'ono ngati mkombero wa kandalama kachitsulo kakang'ono, yokhakhala mokwanira kugwira choko, ndiponso yomatika zolimba.

Palinso malire amene ngakhale chikopa chabwino sichingawadumphe. Tikamenya kutali ndi pakati pa mpira kupitirira theka la mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete, nsonga imaterereka basi. Zikatero tisadandaule ndodo.

Ndodo zambiri za pa matebulo a anthu onse zimakhala ndi nsonga za pulasitiki zongovekera kapena zomangira ngati bawuti. Zimenezi zimalimba ndipo sizivuta kusintha, koma zikakhwefuka zimagwedera pomenya, ndipo mpira umanyamuka mosiyana ulendo uliwonse. Tisanayambe kusewera tiziyesa kupotokola nsongayo ndi zala. Ikagwedera, ndodoyo tiisiye.

Ndodo ndi tebulo zigwirizane

Si pool yense amene ali wofanana. Pool wa ku America amaseweredwa ndi mipira ikuluikulu ya mamilimita 57, yolemera magalamu pakati pa 156 ndi 170. Ndodo zake zimapangidwa kawirikawiri ndi mtengo wa maple ndipo nsonga yake imakhala ya mamilimita pafupifupi 13. Pool wa ku Britain, amene ena amamutcha blackball, ali ndi tebulo laling'ono ndi mipira ya mamilimita 51, ndipo woyera ndi wocheperapo, wa mamilimita pafupifupi 48. Kuchepa kwakeko n'kumene kumathandiza kuti pa matebulo oponya kandalama, woyera akagwa m'dzenje adutse njira yakeyake n'kutuluka, ina ija n'kutsekeredwa m'kati. Ndodo za pool ameneyu zimakhala za mtengo wa ash, zokhala ndi kamphete ka buraasi kunsonga, ndipo nsonga yake ndi ya mamilimita 8 kapena 9. Snooker ali pakati: mipira ya mamilimita 52.5 ndi nsonga ya mamilimita 9 kapena 10.

Matebulo ambiri amene timawapeza kuno ndi ang'onoang'ono aja okhala ndi woyera wocheperapo. Munthu akagula ndodo ya nsonga ya mamilimita 13 chifukwa waiona ndi katswiri wa ku America pa YouTube, n'kubwera nayo pa tebulo lotere, amapeza kuti nsonga ikubisa gawo lalikulu la mpira, ndipo n'kovuta kuona bwino pamene akumenya, makamaka akafuna kumenya m'munsi. Nayonso ndodo yowonda ya mamilimita 8 ikamamenya mwamphamvu mipira yolemera ya ku America, nsonga yake sichedwa kuwonongeka. Choncho funso loyamba pogula ndodo ndi lakuti tizikasewera nayo pa tebulo lanji.

Mpira umene umathawa mzere

Apa ndi pamene ndodo zimasiyaniranadi. Tikamenya mpira woyera chakumanja kwa pakati pake kuti uzungulire, suyenda ndendende kumene ndodo yaloza. Umapatukira pang'ono kumanzere. Tikamenya chakumanzere, umapatukira kumanja. Osewera a Chingerezi amakutcha kupatuka kumeneku squirt.

Chimachitika n'chiyani? Mpira ukayamba kuzungulira nsonga idakali pomwepo, umakankhira nsongayo kumbali. Tonse tinaphunzira m'kalasi ya sayansi kuti ukakankha chinthu, nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Ndiye nsonga nayo imakankhira mpira mbali inayo. Kutsogolo kwa ndodo kukakhala kolemera, kumakana kusuntha, ndipo mpira ndi umene umapatuka kwambiri. Kukakhala kopepuka, nsonga imapereka njira mosavuta, mpira n'kuyenda pafupi ndi mzere wake. David Alciatore, amene anaphunzitsa uinjiniya pa Colorado State University ndipo analemba buku lofotokoza sayansi ya pool m'chaka cha 2004, wakhala akuonetsa kuti chimene chimalamula kupatukaku ndi kulemera kwa masentimita 15 mpaka 20 oyambirira a ndodo. Kulemera kwa ndodo yonse kulibe nazo ntchito.

Opanga ndodo anaigwira mfundo imeneyi. M'chaka cha 1994 kampani ya Predator ya ku America inatulutsa ndodo yobooledwa m'kati chakutsogolo kuti kupepuke, ndipo mu 2016 inatulutsa ina ya carbon fibre. Lero makampani ambiri akupanga zotere. Ndodo zimenezi zimachepetsa kupatuka, koma sizikuthetsa. Wosewera amayenerabe kuphunzira kuti ndodo yake imapatutsa mpira motani, n'kumalozetsa moganizira zimenezo.

Tizindikire chinthu chimodzi. Mpira ukamenyedwa pakati, kapena pamwamba ndi pansi pa mzere wa pakati, kupatuka kumeneku kulibe. Ndodo yotchipa ndi yodula zimautumiza njira imodzi. Ndiye kwa ife amene tidakaphunzira kumwetsa mipira yolunjika, ndalama yogulira carbon fibre ikhala ikulipirira vuto limene sitinafikepo.

Kupendeka kwa ndodo nako kumasokoneza. Tikakweza kumbuyo kwa ndodo n'kumenya m'mbali, mpira umayenda mokhota ngati uta m'malo moyenda mowongoka. Gaspard-Gustave Coriolis analongosola zimenezi m'masamu m'buku lake la mu 1835 lonena za masewera a billiards. Ndi Coriolis yemwe uja amene ophunzira jogalafe amakumana ndi dzina lake pophunzira chifukwa chimene mphepo zimakhotera pa dziko lozungulira. Phunziro lake kwa ife ndi lapafupi: ndodo izikhala yogona mmene tingathere. Ngati khoma layandikira tebulo, kuli bwino kutenga ndodo yaifupi kusiyana ndi kuimika yaitali m'mwamba.

Kulemera ndi kutalika

Ambiri timakhulupirira kuti ndodo yolemera ndiyo yamphamvu. Ndodo zambiri zimalemera maaunsi pakati pa 17 ndi 21, omwe ndi magalamu pafupifupi 480 mpaka 600, ndipo zimatalika masentimita 145 mpaka 147. Bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, World Pool-Billiard Association, limaletsa ndodo yolemera kuposa maaunsi 25, yaifupi kuposa mainchesi 40, kapena ya nsonga yoposa mamilimita 14.

Tikawerengera bwino, kusiyana kwa mphamvu n'kochepa. Ndodo ya maaunsi 21 ndi ya maaunsi 18 zikathamanga mofanana n'kumenya mpira wa ku America, yolemerayo imauthamangitsa kuposa inzake ndi pafupifupi 4 pa 100 alionse. Komanso dzanja limavutika kuthamangitsa yolemerayo, motero kaphinduko kamathera pomwepo. Pa mpira woyera wopepuka wa matebulo athu kusiyanaku kumachepanso kuposa apa. Kumene kulemera kuli ndi ntchito ndi pa kayendedwe ka mkono. Ndodo yolemera kwambiri imavuta pofuna kungokhudza mpira pang'ono kuti woyera aime pamalo abwino. Yopepuka kwambiri imagwedezeka m'manja mwa munthu wamantha. Yoyenera ndi imene mkono wathu ungaiyendetse kutsogolo ndi kumbuyo osaikakamiza.

Kutalika kuyenera kugwirizana ndi msinkhu. Munthu wamtali akagwira ndodo yaifupi, dzanja lakumbuyo limasowa pogwira, thupi limapanikizika, chigongono n'kumathawira kumbali. Wamfupi akagwira yaitali, kulemera kumatsalira kumbuyo ndipo nsonga imanyamuka. Poyesa, tiwerame ngati tikumenya, nsonga ili pafupi ndi mpira: mkono wakumbuyo kuchokera pachigongono uyenera kulendewera molunjika pansi, ndipo kumbuyo kwa dzanja kutsale kandodo pang'ono.

Nanga yokhota ija?

Ndodo yokhota iliko, ndipo wodandaula uja nthawi zina amanena zoona. Mtengo umamwa chinyezi ndipo umauma. Tonse timadziwa mmene chitseko cha thabwa chimafufumira m'dzinja mpaka kukana kutsekeka, n'kudzakhwefuka m'mwezi wa October. Ndodo nayo imakumana ndi zomwezo. Ikatsamiritsidwa kukhoma kwa miyezi, kapena ikasiyidwa padzuwa pafupi ndi zenera, imapindika pang'onopang'ono. Kukhota kumanamiza diso: wosewera amaloza poyang'ana kutsogolo kwa ndodo pamene mkono ukukankha motsata kumbuyo kwake, ndipo mizere iwiriyi siigwirizana.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tiigoneke pa tebulo n'kuigubuduza pang'onopang'ono, maso ali kunsonga. Ikamadumphadumpha, yakhota. Tingathenso kuikweza kufika padiso n'kuyang'ana motsetsereka nayo ngati mmisiri wa matabwa akuyesa thabwa, uku tikuizunguza. Ngati ndodo zonse zilipo n'zokhota pang'ono, tisankhe yokhota mochepa ndipo tiziigwira mbali imodzimodzi nthawi zonse, kukhotako kuloze pansi kapena m'mwamba, osati kumbali. Tikatero vuto lake limachepa kwambiri.

Pa ndodo ya zigawo ziwiri tionenso polumikizira. Pakakhala mpata kapena kugwedera, ndodoyo imakhala ngati yokhota ngakhale zigawo zake zili zowongoka. Thunthu la kutsogolo nalo lizikhala losalala. Thukuta ndi fumbi la choko zikaunjikana, ndodo imakakamira pa zala n'kumayenda modukizadukiza. Kansalu kouma kopukutira n'kokwanira.

Kuzolowerana

Mlimi amene wazolowera khasu lake amadziwa pamene ligwere asanaliponye. Mukampatsa la mnzake, ngakhale likhale latsopano, mizere yoyamba imakhota. N'chimodzimodzi ndi ndodo. Ubongo umaphunzira kulemera kwake, kupatutsa kwake ndi kulimba kwa chikopa chake, n'kumakonza zonsezi mwakachetechete. Tikamasintha ndodo tsiku lililonse, ubongo umayambiranso pachiyambi.

Stephen Hendry wa ku Scotland anapambana mpikisano wa snooker wa dziko lonse kasanu ndi kawiri pakati pa 1990 ndi 1999. Zikho zonsezi anazitenga ndi ndodo imodzi yotchipa, ya mapaundi 40, imene anali nayo kuyambira ali mnyamata. Ndodoyo itabedwa mu 1990, panalonjezedwa mphotho ya mapaundi 10,000 kuti ibwezedwe, ndipo inapezeka. Inadzathyoka mu 2003 pa ulendo wa pandege. Munthu amene akanatha kugula ndodo iliyonse pa dziko lapansi anakakamira ya mapaundi 40, chifukwa mkono wake unkaidziwa. Phindu lalikulu lokhala ndi ndodo yakoyako lili pamenepa: imakhala yomweyo dzulo, lero ndi mawa.

Tidziwe bwanji wolakwa?

Pali njira yachidule yothetsera mkangano uja. Tiike mpira woyera pakati pa tebulo chakumapeto kumodzi, tiumenye pakati penipeni molunjika khushoni ya kutsidya, ndipo tisadzuke, ndodo ikhale pomwe yathera. Ngati tamenya bwino, mpira ubwerera n'kudzagunda nsonga. Ukabwerera chakumanja kapena chakumanzere, ndiye kuti tinaumenya m'mbali osadziwa. Tichite zimenezi kakhumi, kenaka tisinthe ndodo n'kuchitanso kakhumi. Ngati mpira ukuthawira mbali yomweyo ndi ndodo zonse ziwiri, vuto lili pa mkono kapena pa kaimidwe kathu. Ngati ukubwerera bwino ndi ina koma ukuthawa ndi inzake, ndodoyo ndiyo yolakwa. Kuti titsimikize kuti tebulo silinapendeke, tipemphe mnzathu wodziwa ayese naye.

Ambiri tikayesa timapeza kuti mkono ndi umene ukufunika ntchito: kudzuka msanga tisanamalize kumenya, kufinya ndodo mwamphamvu, kapena kuika dzanja lakutsogolo mosakhazikika. Izi sizigulidwa m'sitolo. Zimafuna kubwereza modekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa amene watsimikiza zogula, ndondomeko yake ndi iyi. Ayambe waona ngati nsonga ikugwirizana ndi mipira ya tebulo limene amasewerapo. Kenaka aone kuwongoka, ndi polumikizira ngati ndodoyo ndi ya zigawo ziwiri. Akatero aone chikopa, ndipo afunse ngati chingasinthidwe chikatha, chifukwa chimatha ndithu. Pomaliza ayese kulemera ndi kutalika ataweramadi ngati akumenya. Maluwa ndi utoto wa kumbuyo zibwere pambuyo pa zonsezi, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati ndalama yatsalako, agule kachikwama kosungiramo, chifukwa ndodo yabwino yosasamalidwa sichedwa kufanana ndi zinzake za pakhoma.

Kwa ife ambiri amene tipitirize kugwiritsa ntchito ndodo za tonse, nkhani ili m'manja mwathu. Ndodo zimenezi sizibwera zokhota. Zimakhota chifukwa timazitsamiritsa kukhoma, timazitsamira ngati ndodo yoyendera podikira nthawi yathu, ndipo timazimenyetsa pansi tikapsa mtima. Kashelefu koziimika molunjika, kabokosi ka choko chenicheni, ndi kusonkherana pang'ono kuti zikopa zizisinthidwa teremu iliyonse, zingakweze kasewero ka aliyense pa tebulopo kuposa mmene ndodo imodzi yodula ingathandizire mwini wake yekha. Ndipo wophunzira wa chaka choyamba amene akugwira ndodo koyamba adzapeza chida chomuuza zoona: akaphonya adzadziwa kuti akonze mkono, akamwetsa adzadziwa kuti ndi luso lake.